Galimoto ya akwati imene imanyamula nanazi Lolemba

Mukaima pa Chitakale ku Mulanje Lolemba m'mawa cha m'ma 6 koloko muona galimoto yakuda, yaitali, ya mipando yachikopa, ikulowera msewu wa Midima kumbuyo itadzaza nanazi. Anyamata a kabaza anatopa nako kuseka, masiku ano amangokweza dzanja. Galimoto imeneyo ndi yathu, ndipo sitinaigulire nanazi ayi.

Bizinesi yathu ya galimoto za hayala tinaiyamba mu 2016, ine ndi mayi a kunyumba, ndi kapikapu kamodzi kakale. Ine pachiwongolero, iwo pakope la ndalama. Tinkanyamula chilichonse chimene chalipira: nanazi ndi mapeyala kupita ku Limbe, matumba a simenti, maliro, komanso alendo okwera phiri la Mulanje. Alendowa ndiwo anatikweza. Munthu amatsika ndege ku Chileka mtima uli pa Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phirili, mamita 3,002, ndiye pamafunika womufikitsa pa Likhubula ndi zikwama zake, kenaka patatha masiku anayi kukamutenga mbali ina ya phiri, mwina ku Fort Lister, kumene msewu wake sufuna galimoto yamanyazi. Operekeza alendo ndi onyamula katundu anatidziwa, foni inkalira.

Koma ndalama yooneka ndi maso inali ku maukwati. Loweruka lililonse m'nyengo yadzuwa ndinkaona galimoto zochokera ku Blantyre zitamangidwa maliboni, zikutenga akwati a kwathu konkuno, ife tikupatsidwa ntchito yonyamula mipando ndi miphika. Zinkandiwawa. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku England atanditumizira zithunzi za galimoto ya ku Ulaya yoyenda matayala onse anayi, ya dizilo, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yowala ngati ya dzulo, tulo tinatha. Mtengo wake kumeneko unali wotsika modabwitsa poyerekeza ndi Prado ya zaka zomwezo. Funso loti n'chifukwa chiyani ikutchipa chonchi sindinafunse. Mayi a kunyumba anafunsa, kawiri.

"Abambo ake, galimoto imeneyi ikadwala, sing'anga wake ali kuti?"

Ndinawayankha kuti galimoto ngati imeneyi sidwala.

Inatsikira pa doko la Dar es Salaam kumapeto kwa 2021, n'kulowera pa Songwe. Msonkho wa MRA tinaulipira ndi ngongole ya kubanki komanso ndalama zimene mayi anatenga ku banki mkhonde. Tsiku limene inafika ana anaithamangira kuchokera pamsika mpaka pakhomo. Ndipo chilungamo chake ndinene: ikakhala kuti ili bwino, palibe galimoto imene ndinayendetsapo yofanana nayo. M'misewu ya m'minda ya tiyi, matope a Chiperoni ali tho, imangokwera ngati ikuyenda pa tala. Ukadina kabatani imadzikweza yokha, chifukwa m'malo mwa masipuling'i ili ndi matumba a mpweya. Miyezi isanu yoyamba sitinakhale ndi Loweruka lopanda ukwati.

Kachizindikiro kachikasu kanayamba kuyaka tili ndi akwati m'galimoto, tikuchoka kutchalitchi kupita kuholo. Mphamvu inangothawa. Ndiponde moto, galimoto ikuyenda ngati ngolo ya abulu, ndipo pachitunda china mdipiti wonse wa galimoto khumi ndi ziwiri unaima kumbuyo kwanga, mahutala akulira ngati chisangalalo pamene ine thukuta lili kamukamu. Ankhoswe anasuzumira pazenera: "Adalaivala, kodi mafuta munathira?" Ndinazimitsa, n'kulizanso, inadzuka. Tinafika. Kunyumba sindinanene kanthu.

Apa ndi pamene tinayamba kudyetsa magalaja. Makaniko wathu wa masiku onse, amene pikapu amaidziwa ngati chikhatho chake, anatsegula boneti, n'kuona chivundikiro chapulasitiki ndi mawaya okhaokha, anati, "Bwana, iyi ndi ya kompyuta, pitani nayo kutauni." Kutauni anailumikiza ku makina pa kasoketi ka pansi pa chiwongolero, n'kufufuta zolakwika zimene inasunga. Nyali inazima, ndinalipira, patatha masabata awiri inayakanso. Wina anati ndi sensa, tinagula sensa. Wina anati turbo. Wina anati ndatsukitsa injini ndi madzi. Aliyense ankalasa mumdima, ndalama yogulira mivi ikuchokera m'thumba mwanga. Nthawi yomweyo, mu May 2022, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo sipeya iliyonse ya galimoto imeneyi imachokera kunja.

Amene anandiuza zoona ndi mdala wina ku Limbe, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri m'magalaja a ku Johannesburg. Makina ake sanafulumire kuwatulutsa. Anayamba n'kundifunsa ntchito imene galimotoyo imagwira. Nditafotokoza za maukwati anapukusa mutu, n'kukhetsa oyilo pang'ono m'kachitini, n'kundinunkhitsa. Ankanunkha dizilo, ndipo anali wopyapyala ngati tiyi wopanda mkaka. Atakhetsa yense, anatuluka wochuluka kuposa amene tinathira.

Ndimafotokozera aliyense zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo, chifukwa ndinazigula modula. Galimoto za dizilo zopangidwira ku Ulaya kuyambira cha m'ma 2009, malamulo a utsi a Euro 5 atayamba, zili ndi sefa mu ekizozi yotchedwa DPF, imene imagwira mwaye kuti usatuluke. Sefa ikayamba kudzaza, kompyuta imathira dizilo woonjezera kuti ekizozi itenthe mpaka madigiri pafupifupi 600, mwaye uja upse. Kuti zimenezi zitheke galimoto imafunika kuthamanga mosaimaima kwa mphindi 15 kapena 20, injini itatentha bwino. Ukaizimitsa ntchitoyo ili pakati, dizilo woonjezera uja wina amatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni n'kukagwera mu oyilo. Mawa kompyuta iyesanso, uzimitsenso, dizilo wina agwerenso. Oyilo amasungunuka pang'onopang'ono, ndipo zimene amayenera kuteteza, mabering'i, tcheni cha injini ndi turbo, zimayamba kudyana.

Tsono taganizani ntchito ya ukwati wa kwathu. Kuchoka kunyumba kwa mkwatibwi kupita kusaluni, makilomita awiri. Kudikira panja ola lathunthu injini ikulira kuti m'kati muzizizira, zodzoladzola zisasungunuke. Kutchalitchi, makilomita atatu. Mdipiti woyenda liwiro la munthu wapansi, atsikana akuvina kutsogolo. Kukajambulitsa m'munda wa tiyi, kuima, kuyenda pang'ono, kuima. Mdala uja anati, "Mwana wanga, munthu atafuna kupha injini imeneyi mwadala, sangapeze njira yoposa imeneyi." Ntchito imene ndinaigulira ndi yomwe inkaipha.

Panali zinanso. Buku la galimotoyo limalola kuyenda mtunda wautali kwambiri usanasinthe oyilo, ndipo ine ndinkanyadira zimenezo pamaso pa anzanga, osadziwa kuti mtunda umenewo anawerengera misewu ya kwawo, osati fumbi la ku Phalombe mu October. Oyilo wakenso si aliyense: imafuna wosasiya phulusa lambiri, chifukwa phulusa silipsa, limangokhala mu sefa mpaka kalekale. Ife tinathirapo kawiri wa m'chigubu chomwe timathira mu pikapu. Ndiye kunabwera kusowa kwa mafuta kwa mu 2022. Ukwati sudikira kuti pa filing'i siteshoni pafike thanki, choncho ndinagulapo dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Pikapu imameza zimenezo osadandaula. Koma ma injector, timipopi tolowetsa dizilo mu injini ya galimoto zamakonozi, amapopera mafuta mwamphamvu zedi kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso, ndipo kadontho ka madzi kapena kamchenga n'kokwanira kuwawononga.

Mbali yanga ndavomera. Koma mkwiyo ndili nawobe, ndipo sindikuona kuti ndi wopanda pake. Galimoto imene amaitsatsa ikuwoloka mitsinje ndi kukwera miyala, ingagonje bwanji ndi ulendo wochoka kusaluni kupita kutchalitchi? Ngakhale kandodo kopimira oyilo ilibe, umachita kufunsa pa sikirini, ndipo sikiriniyo sinandiuzepo kuti mu oyilo mwalowa dizilo. Pagalaja la mdala uja ndinkakumana ndi anzanga a tsoka lomweli, anthu a ndalama zawo, ena mabwana a makampani, atakhala pabenchi ngati odikira dokotala. Wina yake inagwada mbali imodzi usiku thumba la mpweya litabooka. Wina anali atasintha tcheni kawiri. Chimene chinkatiwawa tonse sichinali mtengo wokha, koma kusadziwa ngati mawa m'mawa ilira. Munthu wa hayala amagulitsa lonjezo loti afika. Bwana wina ananena mosaseka kuti akamapita kumudzi amauza dalaivala azimutsatira ndi Hilux.

Tinasintha oyilo, tinatsukitsa sefa, koma tinali titachedwa. Mu February 2023, ndikuchokera ku Chileka ndi alendo awiri kudzera ku Thyolo, nditangodutsa pa Luchenza, pansi panamveka kugogoda, go go go, ngati munthu akukhoma msomali m'kati mwa mgolo. Nyali yofiira ya oyilo inayaka. Injini inanoka. Alendo anamaliza ulendo wawo pa minibasi, zikwama pamiyendo, ndipo ndalama yawo ndinabweza yonse.

Patangotha mwezi, namondwe wa Freddy anafika. Za m'masiku amenewo sindilemba zambiri, aliyense wa ku Mulanje ndi ku Phalombe ali ndi maliro ake a March ameneyo. Ndingonena za bizinesi: milatho itakokoloka, mabungwe othandiza anthu ankasakasaka galimoto iliyonse yoyenda matayala anayi, foni ikulira usana ndi usiku. Galimoto yokhoza kuwoloka madzi ofika m'chiuno inali pamiyala pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhuku zikubisala mvula kunsi kwake. Kapikapu kakale kaja ndi kamene kanagwira ntchito miyezi itatu osapuma, ndipo ndi kamene kanabweza ngongole ya banki mkhonde.

Tinakangana m'nyumba, kugulitsa kapena kukonza. Ogula analipo, koma mtengo wawo unali wa zitsulo. Mayi anatsegula kope lawo n'kundionetsa kuti miyezi imene galimotoyo inayenda bwino inkabweretsa kuposa pikapu katatu. "Vuto si galimoto yokha," anatero, "vuto ndi loti inu mumaitenga ngati mkazi wachiwiri, simuiwerengera." Tinagwirizana zofuna injini ina yogwiritsidwapo kale ntchito ku South Africa. Kupeza ndalama zakunja kubanki inali nkhani ya miyezi, ndipo tili m'kati modikira, mu November 2023, kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Ndalama imene tinasonkhanitsa ya injini yathunthu inasanduka ya theka ndi kachidutswa. Injini inafika chaka chotsatira, mdala uja anaimanga masabata atatu, ine ndikumupatsira masipanala.

Ambiri anandilangiza kuti ndingochotsa sefa ija, aiboole, kompyuta ainamize. Ena amaterodi ndipo amati apuma. Ine ndinaona ya mnzanga wina itachitidwa zimenezo, ikamanyamuka imasiya chiutsi chakuda, ndipo ndinaganiza za diresi loyera la mkwatibwi ndi tiana tonyamula maluwa titaima kumbuyo kwa ekizozi. Ndinakana. Mwina ndi kuuma mutu kwanga komwe kuja.

Lero timayenda chonchi. Oyilo timasintha pa makilomita 5,000 alionse, wa mtundu wake weniweni, ngakhale sikirini inene kuti nthawi sinakwane. Dizilo wa m'chigubu salowamo, mafuta akasowa galimoto imagona, ukwati timapepesa nthawi ikadalipo. Ndinagula kamakina kanga kowerengera kompyuta, kamene kamandionetsa pafoni kuchuluka kwa mwaye mu sefa. Pa saluni injini ndimazimitsa, akwati akadandaula kutentha mayi anagula timafani tam'manja. Ntchito ya kuphiri sitiipatsanso: tinapeza Land Cruiser yakale ya injini ya 1HZ, malita 4.2, masilinda asanu ndi limodzi, yopanda turbo, yopanda sefa, imene makaniko wathu wa pa Chitakale amaikonza akucheza. Ilibe mipando yachikopa ndipo pachitunda imakwera ngati nkhalamba, koma chichokereni UNESCO kuika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe a dziko lonse mu 2025, ndi imene ikupita ku Likhubula ndi ku Fort Lister, ndipo sinasiyepo mlendo panjira.

Ulendo wa Lolemba ndi mankhwala amene mdala analamula: ukatha ukwati wa Loweruka, galimoto ithamange Midima mpaka ku Limbe ndi kubwerera, mwaye upse. Masabata oyamba ndinkapita ndekha, wopanda kanthu, wailesi ikulira. Mayi ataona m'kope mzere wa mafuta wopanda mnzake wa ndalama yolowa, sanalankhule zambiri. Lolemba lotsatira ndinadzuka n'kupeza mipando yakumbuyo yapindidwa, ayalapo lona ndi masaka, azimayi awiri a nanazi akupakira.

"Fungo likalowa m'zikopa, akwati adzati chiyani?" ndinafunsa.

"Adzati mwapopera perefyumu. Tiyeni, msika wa Limbe sudikira."