Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Macbeth Anandipeza ku Joni

Pa mabuku onse a Fomu 4, limene ndinkadana nalo kwambiri linali Macbeth la William Shakespeare. Chizungu chake chinkandipweteketsa mutu. Ndinangoloweza kuti mfumu Duncan inaphedwa usiku ndi mlendo wake, ayi pepani, ndi mwininyumba amene anailandira (mukuona mmene ndinkasokonezera?), n'kukhoza mayeso a MSCE movutikira. Bukulo ndinalisiya m'katoni kwa amayi ku Ntcheu.

Patapita zaka ndinapezeka ku Johannesburg, ndikulondera pa malo ena oimikapo magalimoto. Usiku ndinkagwira ndi bambo wina wachikulire wachizulu. Tulo tikayamba kutivuta tinkacheza za kusukulu, ndipo tsiku lina ndinawafotokozera nkhani ija: afiti atatu, msilikali wolakalaka ufumu, mkazi womusonkhezera, magazi osachoka m'manja.

"Mwana wanga, ameneyo ndi Mabatha," anatero akuseka.

Ndinatsutsa kuti, "Ayi bambo, ndi wa ku Scotland." Iwo anakakamira kuti anamuona ndi maso awo pa siteji, atavala zikopa, chishango kumanja. Tinakangana mpaka kunja kunacha.

Loweruka ndinalipira intaneti kuti ndiwagonjetse, koma wogonja ndinali ine. Welcome Msomi, wolemba masewero wa ku South Africa, analembadi sewero la uMabatha m'Chizulu mu 1970, ndipo mu 1972 linakafika ku London. Duncan anamutcha Dangane, afiti aja anasanduka masangoma, nkhani yonse n'kuisamutsira m'nthawi ya Shaka, amene naye anaphedwa ndi abale ake Dingane ndi Mhlangana mu 1828. Ndinapezanso kuti ku Japan Akira Kurosawa anamuveka Macbeth zovala za samurai (ankhondo akale a kumeneko) mu filimu ya 1957, ndiponso kuti Julius Nyerere, pulezidenti woyamba wa Tanzania, anamasulira m'Chiswahili Julius Caesar, sewero lina la Shakespeare.

Chimene chinandiwawa n'chakuti zishango ndi zikopa zimenezo ndinakula ndikuziona agogo akamavina ngoma kumudzi. Aphunzitsi akanangotiuza kuti tiyerekeze nduna ya mfumu itapha mbuye wake m'nyumba mwake, bwenzi kalasi yonse itatchera khutu. M'malo mwake tinkalimbana ndi mawu akalekale mudikishonale.

Lolemba usiku ndinawagulira bambo aja mkate ndi tiyi, n'kuwapempha kuti andifotokozere Mabatha kuyambira pachiyambi. Atafika pamene mkazi uja amachita misala, anaimirira n'kuyamba kupukuta manja pa yunifomu.