Lachisanu la kwizi ku Blantyre

Tagonja. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti inu amene mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuyambira masana mupumule. Ophunzira anga anayi a m'kalabu ya kwizi akajambulidwa lero pa kanema wina ku Blantyre, ndipo sukulu ya m'tauni imene tinakumana nayo ndiyo yapitirira. Thupi latopa, koma mtima ukukana kuti ndigone ndisanalembe mmene zayendera.

Tinanyamuka ku Ntcheu kusanache. Ahedi anatiperekeza mpaka pa siteji, anatipempherera pomwepo pambali pa msewu, ndipo mayi a mtsikana wina anabwera akuthamanga ndi mbatata yophika yokulunga m'nsalu, ati ana asakayankhe mafunso ndi njala. M'minibasi ndinawauza kuti makope abwezere m'zikwama, zoloweza zakwana. Titadutsa Chingeni ndi Phalula n'kufika pa mlatho wa Zalewa, ndinaloza madzi n'kufunsa kuti mtsinje uwu ukuchokera kuti ndipo ukupita kuti. Wamng'ono pa onse, mnyamata wa Fomu 2, sanadikire n'komwe. Anati Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, amadutsa m'nyanja ya Malombe, amafika ku Liwonde, amapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenaka n'kukathira mu Zambezi ku Mozambique, ulendo wa makilomita 402. Minibasi yonse inamva. Bambo wina wachikulire amene anakhala kumbuyo anatsokomola n'kuponya lake: "Nanga likulu la dziko lino linachoka liti ku Zomba?" Ana onse pamodzi, "1975, agogo!" Kondakitala naye sanafune kutsalira, anafunsa kuti Flames inaichita bwanji Algeria ku Angola mu 2010. Atamva "zitatu kwa duu" anamenya denga la galimoto ndi chisangalalo. Tinalowa mu Lunzu anthu osadziwana akufunsana mafunso, ndipo ndinaona mantha akuchoka pankhope za ana anga.

Mantha aja anabwerera titangolowa mu situdiyo. M'chipindamo mumazizira chifukwa cha makina oziziritsa, koma pamene pakhala opikisana pamatentha ndi magetsi akuluakulu olendewera kudenga. Mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo anawapaka ana paudala pamphumi kuti asanyezimire, anawamangirira timaikolofoni pa kolala, n'kufotokoza malamulo: funso likafunsidwa, amene wayamba kudina batani ndiye ayankhe, akalakwa funso lipita kwa anzawo, ndipo asamayang'ane kamera koma wofunsa mafunso. Wamng'ono uja anandinong'oneza, "Madamu, kodi zikavuta atilola kuimbira mnzathu foni?" Anaonapo pa foni ya achimwene ake Who Wants to Be a Millionaire, pulogalamu imene inayamba ku Britain mu 1998, mmene munthu akasowa yankho amatha kuimbira mnzake, kufunsa oonerera, kapena kupempha kuti amuchotsere mayankho awiri olakwika. Ndinamuuza kuti kuno mnzake ndi amene wakhala naye pafupiyo.

Gawo loyamba linandipweteka kwambiri, chifukwa ana anga mayankho ankawadziwa. Funso linali la likulu la Australia. Kaputeni wathu, mtsikana wa Fomu 4, ndinamuona milomo ikunena kale kuti Canberra, koma m'malo modina batani anakweza dzanja. Anakweza dzanja bwinobwino, chigongono chili pa tebulo, kudikira kuti amuloze. Belu la anzathu linali litalira kale. Funso la phiri lalitali mu Africa, chimodzimodzi: wofunsa asanamalize n'komwe, mnyamata wa buleza wa mbali inayo anali atadina n'kunena kuti Kilimanjaro. Mayi woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya mtendere ya Nobel, Wangari Maathai wa ku Kenya mu 2004, dzina limene tinalibwereza Lachitatu lomweli, linapitanso kwa iwo.

Palibe mwana amene ndingamudzudzule pamenepa. Kwathu timaphunzitsa mwana kuti wamkulu akamalankhula usamudule mawu, ndipo m'kalasi timamuuza kuti akweze dzanja adikire. Mwana wamva, wasunga, ndiye lero tikumuika pamalo pamene wopambana ndi amene wadula wamkulu mawu. Kusukulu tinkayeserera pomenya desiki ndi chikhatho, koma desiki si batani, ndipo wofunsa anali mlendo wovala suti, osati ine amene anandizolowera. Onjezanipo kuti mafunso onse anali m'Chingerezi chothamanga. Mwana wa kumudzi amayamba walimva funso, kulitembenuza m'mutu, kupeza yankho, kenaka n'kukumbuka chala. Sekondi imodzi imeneyo ndi imene inkatidya.

Pa nthawi yopuma ndinaloledwa kuwayandikira. Sindinanene zambiri. Ndinagwira dzanja la kaputeni, ndinaliika pa batani, ndinati, "Mwanawe, dzanja ili lisachokenso apa. Ulemu ukaupereka tikatuluka."

Gawo lachiwiri linali la za m'dziko muno, ndipo apa ndiye ana anga anadzuka. Wofunsa anati, pa ndalama ya K200 pali nkhope ya ndani? Belu lathu linalira koyamba tsiku lonse. Anadina ndi mtsikana wa Fomu 3, wofatsa uja amene Loweruka lililonse amakhala pa msika ndi mayi ake kugulitsa tomato ndi anyezi. "Rose Chibambo." Atamufunsa funso lowonjezera kuti mayiyu amakumbukiridwa chifukwa chiyani, anayankha mosadodoma kuti anatsogolera amayi polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda n'kulowa nalo m'ndende, ndipo pambuyo pa kusamvana kwa nduna mu 1964 anathawira ku Zambia kumene anakhala zaka zambiri. Ndikudziwa kumene anazitenga zimenezi. Tsiku lina chaka chatha anabwera ndi K200 yakuda ndi thukuta la pamsika n'kundifunsa kuti mayi ameneyu ndani, poti pa ndalama zina zonse pali abambo okhaokha. Tinakhala pansi pa mtengo ndikumufotokozera, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kufufuza yekha za ena onse: Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi ya Makhosi Gomani II wa kwathu konkuno pa K50, James Sangala pa K100. Funso la K100 litabwera anadinanso iye yemweyo.

Kenaka panabwera msampha. Kodi kuukira kwa John Chilembwe kunayamba pa tsiku liti? Anzathu anathamangira kudina n'kunena kuti 15 Januwale 1915. Ambiri amagwa pamenepa, chifukwa 15 Januwale ndi tsiku la tchuthi limene timamukumbukira. Funso linabwera kwa ife, ndipo kaputeni anati 23 Januwale 1915. Ndinaiwala kuti anatiuza kuti tiziwomba m'manja pokhapokha akatikwezera dzanja. Ndinangomva nthungululu yatuluka. Zithunzi za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO inaziika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006, tinatenga. Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, mamita 3,002, tinatenga. Referendamu ya pa 14 Juni 1993, tinatenga. Pomatha gawoli tinali titawapeza anzathu aja, ndipo mnyamata wa buleza uja anayamba kupukuta manja pa thalauzi.

Zimene zinachitika m'gawo lomaliza ndi zimene zandikhazika pano usiku uno.

Funso linali lakuti mapulaneti ozungulira dzuwa alipo angati. Wamng'ono wathu, amene anadzipereka yekha kuti za sayansi zikhale zake, anadina mwachangu kuposa wina aliyense, nkhope ili ngwee. Anati 9. Wofunsa anapukusa mutu, anzathu anati 8, mapointi n'kupita. Akatswiri a zakuthambo atakumana ku Prague mu Ogasiti 2006 anagwirizana kuti Pluto asawerengedwenso pamodzi ndi mapulaneti akuluakulu. Mwanayu anali asanabadwe n'komwe pamene zimenezi zinkachitika, koma buku la sayansi limene lili mu laibulale yathu ndi lakale kuposa pamenepo, ndipo iye analiwerenga lonse, chikuto mpaka chikuto. Patangopita mafunso awiri, likulu la ndale la Burundi. Tinadina, tinati Bujumbura. Yankho linali Gitega, kumene boma la dzikolo linasamutsira likulu mu 2019. Belu lomaliza linalira tikutsalira ndi mapointi a mafunso awiri omwewo.

Titatuluka panja, mnyamatayo anaima pafupi ndi mpanda osafuna kuyang'ana munthu. Nditamuyandikira anati, "Madamu, koma m'buku muja analemba 9. Ndinachita kuwerenga mayina onse, Pluto ali kumapeto." Misozi inali ikutsika. Ndinamuuza kuti sananame, ndipo sanaiwale kanthu. Anayankha ndendende zimene buku linamuuza. Mwana waulesi akalakwa funso, mphunzitsi amadziwa chonena. Koma uyu walakwa chifukwa chakuti anawerenga mwakhama chinthu chokhacho chimene tinamupatsa.

Buku lathu la mapu likuonetsabe Sudan ngati dziko limodzi, chonsecho South Sudan anaima payekha pa 9 Julaye 2011, likulu lake Juba. Likunenabe Swaziland, dziko limene Mfumu Mswati III analisintha dzina kukhala Eswatini mu 2018. Malo amenewa tinawakonza ndi bolopeni m'mphepete mwa tsamba, koma buku lili ndi masamba ambirimbiri ndipo zinthu zikusintha chaka ndi chaka. Ana a sukulu inayo si anzeru kuposa anga, ndawaona ndi maso lero. Kungoti kwawo nyuzipepala imafika tsiku lomwelo, nkhani za pa kanema amaonera akudya nsima yamadzulo, ndipo akakayika kanthu amafunsa intaneti nthawi yomweyo. Anga amadalira shelefu imodzi ndi foni yanga, ikakhala ndi bandulo.

Pali anzanga ena m'chipinda cha aphunzitsi amene amati kwizi n'kungoloweza basi, ndipo ana akutaya nthawi imene akanawerengera mayeso a MSCE. Sindigwirizana nawo, ndipo lero landilimbitsa. N'zoona kuti mwana akhoza kumeza mndandanda wa malikulu a mayiko osadziwa kuti mayikowo ali mbali iti. Koma mayankho amene ana anga anawapereka molimba mtima lero sanali omeza. Anali a mtsinje umene anauwoloka m'mawa, a ndalama imene amabweza nayo chenji, a miyala ya m'boma loyandikana nalo. Ine ndemwe ndinayamba kukonda zimenezi ndikuonera Zain Africa Challenge chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, John Sibi-Okumu wa ku Kenya akuponya mafunso, ophunzira a m'mayunivesite a kuno akupikisana ndi anzawo a ku Kenya, Uganda, Tanzania ndi Zambia. Tinkadzaza m'chipinda chimodzi kukuwa mayankho ngati akutimva, ndipo m'mawa mwake ena tinkapita ku laibulale kukafufuza zimene tinalephera. Palibe amene ankatituma. Njala yofuna kudziwa imeneyo ndi imene ndikufuna ana anga akhale nayo, ndipo mwana amene ali nayo sawopa pepala la mayeso.

Chinthu chimodzi chinandisangalatsa tisananyamuke. Mphunzitsi wa sukulu imene yatigonjetsa anabwera kudzagwira ana anga chanza mmodzimmodzi, ndipo kwa mtsikana wa K200 uja anati, "Iwe wandiphunzitsa lero, nkhani ya khanda ija sindinkaidziwa." Tinapatsana manambala. Wandilonjeza kuti nyuzipepala zimene sukulu yawo yamaliza kuwerenga azizisunga m'katoni, ndipo ndikapeza wopita ku Blantyre azikazitenga.

Pobwerera tinagula chipisi pa Zalewa. Ana anadya, awiri anagona, koma wamng'ono uja anandipempha foni. Kuyambira pa Phalula mpaka pa Chingeni anali akuwerenga za Pluto, ndipo anandigwedeza phewa kundiuza kuti chombo chotchedwa New Horizons chinadutsa pafupi naye mu Julaye 2015 n'kutumiza zithunzi, ndiponso kuti Pluto ndi wamng'ono kuposa mwezi wathuwu. Kenaka anafunsa ngati ndingamulole kutenga buku la sayansi lija ndi la mapu kuti azifananiza tsamba ndi tsamba ndi zimene zili pa foni, n'kumakonza. Ndamuuza kuti tiyamba Lolemba, kalabu ikakumana.

Ndalankhulanso pa foni ndi aphunzitsi a Fizikisi. Akuti ndi mabatire, mawaya, timababu ta tochi ndi maswitchi a belu la pakhomo atha kutipangira mabatani anayi pa thabwa, kuti chaka chamawa dzanja lisadzakwerenso m'mwamba. Pulogalamuyi akuti iulutsidwa masabata akubwerawa, ndipo ahedi akukonza zoti tikaonere limodzi ndi makolo mu holo ya tchalitchi, kumene kuli sola. Tsiku lenileni ndidzakuuzani akatidziwitsa. Pakadali pano, ngati wina mwa inu ali ndi buku la mapu losindikizidwa 2019 itadutsa, kapena mabuku a sayansi a sekondale amene ana anu anamaliza nawo, mundiuze. Mayendedwe ake ndikonza ndine.