Mpanda wa ku Pelindaba

Lachisanu lililonse ndimanyamula mbande za maluwa pa bakki kuchokera ku nazale ina ya kufupi ndi Hartbeespoort kupita nazo ku Pretoria. Panjirapo pali mpanda wautali wa waya wamagetsi, ndipo kuseri kwake kumaoneka nyumba zotuwa ndi machumuni. Zaka zitatu zoyamba ndili kuno ku Joni ndinkangoyesa fakitale ya feteleza.

Amene ananditsegula m'maso ndi mdala wina wachizulu amene timakwezera limodzi katundu. Tsiku lina analoza ndi chibwano n'kunena kuti, "Apa azungu ankaphika ndiwo za bomba." Ndinaseka, iye osaseka. Anandimasuliranso mayina: Pelindaba, dzina la malowa, ndiye kuti nkhani yatha, pomwe Valindaba, malo oyandikana nawo kumene ankayengera uranium, ndiye kuti tseka nkhani. Amene anasankha mayinawo ankadziwa chimene akuchita.

Usiku womwewo ndinatha bandulo yonse ndikuwerenga pa foni. Mdala uja sananame. Boma la tsankho linapanga mabomba a nyukiliya asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri lili m'kati. Kenaka linawaphwasula lokha, n'kusaina pangano la NPT loletsa kufalitsa zida zimenezi mu 1991. Anthu wamba anadzamva pa 24 Marichi 1993, pulezidenti wa nthawiyo F.W. de Klerk ataulula m'nyumba ya malamulo. Mpaka lero palibenso dziko lina limene linadzipangira lokha mabomba otere kenaka n'kuwataya.

Koma musafulumire kuombera m'manja. De Klerk ankati chifukwa chake n'chakuti asilikali a ku Cuba anali kuchoka ku Angola ndipo Soviet Union inali itafooka, moti panalibenso womuopa. Mwina n'zoona. Mdala wanga amati zabodza: anaona kuti Mandela watuluka m'ndende mu 1990, boma likupita kwa anthu akuda, ndiye anati bola kuthyola mfuti kusiyana n'kuisiyira wantchito. Ine ndimaona ngati zonse ziwiri zinalipo. Ndipo sindidandaula nazo kwenikweni. Munthu akachotsa njoka m'nyumba chifukwa cha kaduka, njokayo yachokabe.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'china. Uranium woyengedwa kwambiri amene anamuchotsa m'mabombawo sanapite kulikonse, akusungidwa m'kati mwa mpanda womwewu, bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya la IAEA likumuyang'anira. Mu Novembala 2007 anthu a mfuti anadula mpandawo usiku, n'kufika mpaka m'chipinda choyang'anira za ngozi, n'kuwombera wantchito mmodzi. Sanafike pamene pali uranium. Komabe chiwerengereni zimenezi, ndikamadutsa ndimayang'ana waya uja ndi diso lina. Pamalo pomwepo palinso riyakitala ya SAFARI-1 yopanga zinthu zimene zipatala zimagwiritsa ntchito pounika matenda ngati khansa, ndiye simunganene kuti angotseka zonse.

Ifenso nkhaniyi si yachilendo monga timaganizira. Uranium wambiri amene Amereka anagwiritsa ntchito popanga mabomba ake oyamba, kuphatikizapo la ku Hiroshima mu 1945, anakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Katanga, dera la ku Congo lochita malire ndi Zambia. France inaphulitsa bomba lake loyamba m'chipululu cha Algeria mu 1960. Afirika anapereka miyala, anapereka bwalo loyeserapo, osafunsidwa. N'chifukwa chake pangano loletsa zida za nyukiliya mu Afirika, limene linasainidwa ku Cairo mu 1996, ndimalilemekeza, ngakhale anzanga amati ndi pepala chabe la anthu opanda mano. Analitcha Pangano la Pelindaba. Linayamba kugwira ntchito mu 2009, chaka chomwe mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa. Uranium wathuyo ndi wogulitsa kumalo opangira magetsi, ndipo Malawi anavomereza pangano loletseratu zida za nyukiliya mu 2022.

Sabata yatha ndinaimitsa bakki m'mbali mwa msewu kuti ndijambule chikwangwani, nditumizire achimwene anga ku Lilongwe. Mdala uja anandigwira dzanja foni ndisanaitulutse m'thumba. "Iwe, pasipoti yako ili bwino?" Ndinaliza galimoto, mbande zinali zitayamba kale kufota ndi dzuwa.