Zikomo Ambuye, zikomo apongozi anga

Lamulungu lapitali ndinayenda ndekha, wopanda ndodo, kuchoka pakhomo mpaka kutchalitchi kwathu ku Mlanda. Ndinafika nyimbo yoyamba itatha kale, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu chathu chija cha ku Lizulu m'mwezi wa Juni. Papita miyezi 14 chichitireni ngozi, ndiye lero ndati ndithokoze poyera, anthu onse amve.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Linthipe, ku Dedza, ndipo ndinadzakwatira kuno mu 2015. Amuna anzanga a chikamwini mukudziwa kuti pamudzi pa eni ake munthu amalemekezeka ndi khasu lake. Ine ulemu umenewo ndinautaya ndekha. Mu 2023 mkazi wanga anatenga ngongole ku banki m'khonde kuti tigule fetereza ndi mbewu ya kachewere. Mbatata inachita bwino. Ndinakagulitsa matumba 18 pamsika wa Lizulu, koma ndalama zake zinathera ku mowa ndi kubetcha mpira pafoni. Amayi a gulu anabwera kudzanyamula matiresi ndi mapoto, ana akuona. Ankhoswe anakhala pansi kawiri, ndipo kachiwiriko amalume a mkazi wanga anagamula kuti tikakolola chimanga ndinyamule bulangete langa ndizipita kwathu. Sanalakwitse, ndinaziyamba dala.

Chimangacho chisanalowe m'nkhokwe, usiku wina mu Epulo 2024, ndinagwa ndi njinga yamoto pamsewu wa M1 nditaledzera. Mwendo unathyoka pawiri. Ndinagona m'chipatala milungu 7.

Mayi anga ondibereka anatisiya mu 2019. Mlongo wanga anabwera kuchokera ku Lilongwe, koma ntchito inangomulola masiku awiri. Mkazi wanga anali ndi khanda la miyezi 5. Munthu amene anamanga mtolo wa nkhuni, thumba la ufa ndi kapoto n'kubwera kudzandidikirira anali apongozi anga aakazi.

Achinyamata a m'tauni mwina simungamvetse kulemera kwake. Zaka 9 ine ndi amayiwa tinali tisanadyerepo pamodzi. Tikakumana panjira, wina ankapatuka. Mawu ankadzera kwa mkazi wanga kapena kwa ana. Ndiwo mwambo, ndipo ndi ulemu. Koma amayi omwewo, amene mwana wawo ndinamuchititsa manyazi pamudzi, ankagona pansi kumalo a odikirira odwala, kuphika pamafuwa, n'kufika pabedi panga m'mamawa ndi phala. Masiku oyamba ndinkatembenukira kukhoma chifukwa cha manyazi. Tsiku lachitatu anagwada pambali pa bedi nati, "Bambo, imwani phala lisanazizire. Za ndalama zija tidzakamba mukachira." Ndachira, ndipo mpaka lero sanaziyambitsepo. Ndinadzamva kwa ena kuti anagulitsa mbuzi zawo ziwiri kuti atseke ngongole ija ndi kupeza ya mayendedwe.

Usiku wina ululu utandikaniza tulo ndinawafunsa kuti, "Amayi, mukuvutikiranji ndi munthu ngati ine?" Anandikonzera bulangete kumapazi, nati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amayi anu akanakhalapo akanagona pano. Gonani."

Timati chibale ndi fupa, sichiwola. Koma ine sindine magazi awo, ndipo mudzi unali utagamula kale kuti ndichoke. Panalibe chimene akanapindula ndi mkamwini wothyoka mwendo, wangongole.

Mkulu wa mpingo wina atabwera kudzationa anawerenga Aroma 5:8, pamene Paulo akunena kuti Mulungu anaonetsa chikondi chake potumiza Khristu kudzatifera tikadali ochimwa. Vesi imeneyi ndinailoweza ndili m'kalasi ya ubatizo, koma ndinali ndisanaimve. Ndinkaganiza kuti Mulungu amadikira kuti munthu ayambe wasintha, abweze zonse, kenako amulandire. Ndinadzaimva tsiku limenelo, kapu ya phala ili m'manja. Phalalo linabwera ndisanapepese. Kupepesa kwanga kunadza patapita milungu itatu, ndikulira ngati mwana. Pa Luka 15:20 ndi chimodzimodzi: bambo uja anamuona mwana wake akadali kutali, namuthamangira, namukumbatira, mawu opepesa amene mwanayo anakonzekera panjira asanatuluke pakamwa. Ambuye wanga, ndikukuthokozani kuti munandithamangira kudzera mwa mayi wokalamba amene ndinkamuzemba panjira.

Mkazi wanga, mayi a ana anga, munali ndi chifukwa chondisiya ndipo palibe akanakudzudzulani. Munakolola nokha mwana ali kumsana, n'kumabwerabe kuchipatala Loweruka lililonse. Zikomo. Amalume, inu amene munagamula kuti ndichoke, ndinu amene munabwera ndi ngolo kudzanditenga pamsewu tsiku lotuluka. Sindidzaiwala. Amayi a Chigwirizano amene munabweretsa ufa, nyemba ndi sopo, anyamata a kwaya amene munasenza chimanga kuchoka kumunda, madokotala ndi anamwino amene munalumikiza fupali, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo. Amayi a banki m'khonde, ndinakukhumudwitsani, ndikhululukireni.

Mowa sindinaulawenso chigwereni, ndipo kubetcha ndinasiya. Mundipempherere, chifukwa chilakolako chimabwerabe, makamaka tsiku la msika ndalama zikakhala m'thumba. Masiku ano ndikagulitsa, ndalama amasunga mkazi wanga.

Kabichi wa kudimba wandipatsa pang'ono, ndipo sabata yatha ndinagula kambuzi kakakazi n'kukamangirira pakhola la apongozi anga. Anakana kawiri, kenako anati akasungira mdzukulu wawo wamng'ono uja. Yachiwiri ndidzabweza ndikagulitsa mbatata. Loweruka likubwerali tili ndi mapemphero othokoza pakhomo pathu, kuyambira 2 koloko masana. Amene muli pafupi, bwerani tidzayimbe limodzi.