Mmene ndinayambira kumwa propranolol, ndi zimene zinandichitikira nditadumphitsa masiku atatu

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale kuno ku Dedza, cha kumbali ya Bembeke, ndipo kwa miyezi pafupifupi inayi mtima wanga unkandivutitsa m'njira imene sindinkatha kuifotokoza bwino kwa anthu. Ndikakhala pansi madzulo kuchonga makope a ana, mwadzidzidzi mtima unkayamba kuthamanga ngati ndangokwera chitunda, nthawi zina n'kukhala ngati waima pang'ono kenako n'kugunda mwamphamvu mpaka kumveka pakhosi. Abambo a kunyumba ankati ndi maganizo, amayi anga ankati ndi BP, koma ine chimene chinkandiopsa chinali choti tsiku lina ndidzagwa pamaso pa ana m'kalasi.

Nditapita kuchipatala ndi kabuku kanga, adokotala sanathamangire kundilembera mankhwala, ndipo pa ichi ndimawayamikira mpaka lero. Anandiyeza BP, anatenga magazi kuti aone ngati sali ochepa m'thupi, kenako ananditumiza ku Lilongwe kukayezetsa chithokomiro ndi kukajambulitsa kagundidwe ka mtima pa makina a ECG, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso ndi zina mwa zinthu zimene zimathamangitsa mtima. Anandifunsanso kuchuluka kwa tiyi amene ndimamwa, ndipo ndinavomera kuti m'nyengo yozizira makapu anayi kapena asanu patsiku sanali achilendo kwa ine. Zotsatira zitabwera, magazi anali okwanira, chithokomiro chinalibe vuto, ndipo pa ECG panangooneka kugunda kwina kobwera nthawi yake isanakwane, kumene anati si koopsa kwa mtima wonga wanga ngakhale kumasowetsa munthu mtendere. Ndinachepetsa tiyi kwa mwezi wathunthu, zinthu zinasintha pang'ono chabe, ndipo ndi pamene adokotala anatchula za propranolol, mankhwala ochepetsa kuthamanga kwa mtima.

Asanalembe chilichonse anandifunsa mafunso atatu, ndipo ndikufuna aliyense amene akupatsidwa mankhwala a gulu limeneli, otchedwa ma beta blocker, awayankhe moona mtima. Loyamba linali ngati ndili ndi mphumu, chifukwa propranolol amatha kupanikiza njira za mpweya m'mapapo mpaka munthu wamphumu kubanika koopsa. Lachiwiri linali la matenda a shuga, popeza mankhwalawa amabisa zizindikiro zimene zimachenjeza munthu kuti shuga watsika, monga kunjenjemera ndi kuthamanga kwa mtima komwe. Lachitatu linali ngati ndili ndi pathupi kapena ndikuyembekeza kutero. Onse ndinayankha kuti ayi. Anandifotokozera kuti thupi likakhala pa mantha kapena pa ntchito yolemetsa limatulutsa adrenaline, amene amafika pa timalo tina ta mumtima n'kuulamula kuti uthamange, ndipo ntchito ya mankhwalawa ndi kutseka timaloto kuti lamulolo lisamveke kwambiri. Anandilembera mibulu ya 40 mg, kuti ndiyambe ndi theka m'mawa, theka madzulo.

Kunena zoona, sindinayambe kumwa tsiku lomwelo. Mibuluyo inakhala m'kachikwama masiku asanu ndikulingalira, chifukwa alamu anga anandiuza kuti mankhwala a mtima ukawayamba ndiye kuti wakwatiwa nawo, sungawasiyenso mpaka kumanda. Ndinawerenganso kapepala kofotokoza zovuta zake: kutopa, chizungulire, kuzizira kwa manja ndi mapazi, maloto oipa, mtima kugunda pang'onopang'ono mopitirira, ndiponso kwa abambo ena kuchepa kwa mphamvu kuchipinda. Kumbali imodzi kunali mndandanda umenewu, kumbali ina kunali usiku umene ndinkagona tulo ta maola atatu okha ndikumvetsera mtima wanga. Ndinabwerera kwa adokotala ndi funso la alamu anga lija monga analinenera.

"Amayi, si mankhwala okupatsani chibaba ngati fodya," anatero. "Mutha kudzawasiya, koma tidzasiya limodzi, pang'onopang'ono. Chimene ndikukuletsani ndi kuwadula nokha tsiku limodzi."

Anawonjeza kuti propranolol si mankhwala achilendo oyesera pa ife, popeza anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1960, ndipo amene anatsogolera kuwapanga, James Black wa ku Scotland, analandira mphoto ya Nobel mu 1988. Chimene chinanditonthoza pamenepo n'chakuti mankhwala amene amwedwa kwa zaka zoposa 50 zovuta zake zimakhala zodziwika kale. Anandiphunzitsa kuwerenga kugunda kwa mtima poika zala ziwiri pamkono, chakumunsi kwa chala chachikulu, kuwerenga kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Anati munthu wamkulu akangokhala osagwira ntchito mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndipo wanga ukatsika kufika pansi pa 50, makamaka ndikumvanso chizungulire, ndibwere msanga ndisanamwe mbulu wotsatira.

Ndinayamba kumwa kumayambiriro kwa June, ndipo amene akudziwa Dedza akudziwa tanthauzo la mwezi umenewo kuno kumapiri. Sabata yoyamba zala zanga zinkazizira mpaka kuchita dzanzi, moti pogwira choko m'pheriyodi yoyamba ndinkachita kuyang'ana kuti nditsimikize kuti chili m'dzanja, ndipo ndinkayamba ndafumbata kapu ya madzi otentha ndisanalembe pabolodi. Usiku ndinkagona ndi masokosi awiri phazi lililonse. Chitunda chimene ndimakwera popita kusukulu, chimene kale ndinkachimaliza ndikucheza ndi anzanga, chinayamba kundipumitsa kawiri panjira, miyendo ikulemera ngati ndasenza thumba la kachewere. Tsiku lina ndinadzuka mofulumira pamoto pomwe ndinkaphika nsima, m'maso munachita mdima, ndipo ndinagwira chitseko kuti ndisagwe. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndakhala tsonga kaye pang'ono ndisanaimirire.

Maloto ndiwo anandidabwitsa kwambiri. Anali ooneka bwino ngati zenizeni, ena oopsa, ndipo amayi anga atamva anayamba kuganizira zina. Adokotala anati propranolol amalowa mosavuta mu ubongo kusiyana ndi anzake ena monga atenolol, n'chifukwa chake ena amalota motero, ndipo anandilola kumwa theka lamadzulo dzuwa lisanalowe m'malo modikira nthawi yogona. Malotowo anachepa. Pofika sabata yachitatu kutopa kunali kutayamba kutha, ngakhale kuzizira kwa zala kunatsala mpaka nyengo itafunda. Koma m'kope limene ndinkalembamo m'mawa uliwonse, manambala a kugunda kwa mtima amene kale ankakhala 94 kapena 98 anakhazikika pakati pa 62 ndi 68, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinagona mpaka tambala woyamba osadzidzimuka. Nditaika zonsezi pamodzi, ndinaona kuti zala zozizira ndingapirire nazo.

Vuto lenileni linabwera mu September, ndipo linali lodzichititsa ndekha. Tinalandira uthenga wa maliro a malume anga ku Tsangano, ku Ntcheu, ndipo ponyamuka mothamanga mbandakucha ndinasiya mibulu pawindo la kuchipinda. Ndinazindikira tili kale pa minibasi, ndipo ndinadziuza kuti popeza mtima wakhala uli phee kwa miyezi itatu, masiku ochepa sangasinthe kanthu. Tsiku loyamba linadutsa bwino. Usiku wa tsiku lachiwiri, tili pasiwa tikuimba, manja anayamba kunjenjemera ndipo thukuta linatuluka ngakhale kunja kunkazizira. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuwerenga pamkono: ka 59 pa masekondi 30, kutanthauza 118 pa mphindi, ndili chikhalire osagwira ntchito iliyonse. Kuthamanga kumeneku kunaposa kumene kunanditengera kuchipatala poyamba paja. Mutu unkawawa, pachifuwa pankamveka kuthina, ndipo mchemwali wanga atandiona anati, "Achemwali, musadikire sadaka, nyamukani lero lomwe." Anandiperekeza mpaka kuchipatala.

Adokotala sanandikalipire, koma anayankhula mosabisa mawu. Anati mtima ukakhala nthawi yaitali timalo take tija tili totsekedwa, thupi limachulukitsa timaloto pofuna kumvabe adrenaline, ndiye ukachotsa mankhwala mwadzidzidzi, adrenaline amapeza makomo ambiri otseguka kuposa kale, mtima n'kuthamanga mopyola ndi BP n'kukwera. Propranolol sakhalitsa m'magazi, mphamvu yake imatha m'maola ochepa, n'chifukwa chake zizindikirozi zimabwera msanga. Kwa ine kunali kuvutika kwa masiku ochepa, koma kwa munthu amene mitsempha ya mtima wake ndi yothina kale, kusiya kotere kungabweretse ululu woopsa wa pachifuwa ngakhalenso kufa kwa mbali ina ya mtima. Anandijambulanso ECG, n'kundibwezera pa mlingo wanga wakale, ndipo anandichenjeza kuti ndisamwe mibulu yowirikiza pofuna kubweza imene ndinadumphitsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndimasunga mibulu ya masiku atatu m'kabotolo kamene sikachoka m'chikwama changa cham'manja, ndipo ndimapita kukatenga ina ikatsala ya sabata imodzi, kuti ngati sindiipeza kuchipatala ndikhale ndi nthawi yokagula kufamase pa boma. Dzina la mankhwala ndi mlingo wake ndinazilemba pachikuto cha kabuku kanga ndi mufoni ya abambo a kunyumba.

Patatha chaka ndinafunsa ngati nthawi yosiya yakwana. Adokotala anayang'ana kope langa la manambala tsamba ndi tsamba, anafunsa za tiyi ndi za tulo, n'kuvomera kuti tiyese, ndipo tinasankha nthawi ya holide kuti ndisakhale ndi phuma la kusukulu. Anandilembera m'kabuku mmene ndizichepetsera mlingo kwa masabata angapo, ndi tsiku lobwera kudzaonedwa pakati pake. Pamene ndikulemba pano ndili pa sitepe yachiwiri ya ndondomekoyo. M'mawa uno ndawerenga ka 37 pa masekondi 30, ndalemba 74 m'kope, ndipo Lachinayi likubwerali ndikukaonana nawonso.