Sabata imene Fulu anayankhula m'kalasi mwanga

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina yakumudzi m'boma la Dedza. Chiyambireni pulogalamu ya boma ya National Reading Programme mu 2016, ana athu akumagwira msanga maliwu a malembo ndi maphatikizo, ndipo zimenezo ndimaziyamikira. Chimene chimandisowetsa tulo n'china. Mwana awerenga bwinobwino kuti "Kalulu anathawa", koma ukamufunsa kuti anathawiranji, amangokuyang'ana maso tong'o.

Lolemba ndinatseka buku n'kuyamba monga ankayambira agogo anga. "Padangokhala!" Kalasi yonse inavomera, "Tili tonse!" Ndinawasimbira nthano ya chilala: nyama zinakumba chitsime, Kalulu anakana kukumba nawo, kenako ankabwera usiku ndi uchi kudzanyengerera alonda, kuwamanga, n'kutunga madzi, mpaka anadzakakamira pa ulimbo umene Fulu anadzipaka kumsana. Nditafunsa amene anakana kukumba, manja anali m'mwamba ponseponse. Nditafunsa chifukwa chimene Fisi, mmodzi wa alonda aja, analolera kumangidwa, m'kalasi munangoti zii.

Madzulo ake ndinapita kukapempha makatoni a sopo kumagolosale a pamsika, oti tipangire zigoba zovala kumaso za nyama za m'nthano ija. Maso ndinaboola ndekha kunyumba, chifukwa lezala sindingaipereke m'manja mwa mwana wa zaka 7. Zigobazo ndinazidula zolekezera pamphuno, pakamwa pakhale poyera kuti mawu azimveka.

Lachiwiri ana anabwera ndi makala, katondo, makoko a chimanga ndi luzi. Guluu wathu anali kaphala ka ufa wa chinangwa. Ndinawagawa m'magulu, gulu lililonse nyama yake. Kugulu la Fisi kunabuka mkangano woti ndinachita kuthamangirako. Mnyamata wina ankafuna kujambula Fisi wosangalala, mnzake akuti ayi, ajambule misozi. Ndisanatsegule pakamwa, mtsikana wina anawafunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi Fisi asanamangidwe kapena atamangidwa?" Ndinangoima n'kumamvetsera. Funso la ndondomeko ya nkhani ana ankalifunsana okha ali ndi khala m'manja. Anagwirizana zopanga afisi awiri.

Lachitatu m'mawa ahedi anandiitanitsa ku ofesi. Ndinapeza agogo ena atakhala pampando, chitenje atafunda m'mapewa. Mdzukulu wawo anakawauza kuti kusukulu tikusema zinyau.

Kuno nkhani imeneyi si yosewera nayo. Gule Wamkulu ndi mwambo wa makolo, bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, koma kwa eni ake ndi woposa pamenepo. Uli ndi dambwe lake ndi malamulo ake, ndipo mwana wosameta saukhudza. Komanso pali makolo ena opemphera amene akangomva zoti mwana wavala chakumaso, mtima umawadumpha pa zifukwa zawozawo. Ndinayenera kuyamba ndauza makolo kudzera ku komiti ya sukulu, ndipo apa ndinalakwitsa.

Ndinagwada n'kupepesa. "Agogo, pepani, ndinayenera kukudziwitsani. Tiyeni mukaone nokha." Anatenga chigoba cha Kalulu, n'kuchitembenuza, n'kuona dzina la sopo kuseri kwake. Anagwira makutu a makoko a chimanga aja kwa kanthawi. "Aphunzitsi, izi ndi zidole, si zimene ndimaganiza. Koma anawo muziwauza dzina loyenera, asamatchule zimene sakuzidziwa." Ndinavomera ndi mtima wonse. Potuluka anandifunsa nthano imene tikuchita, ndipo atamva anati ndasiya nyimbo ya pokumba chitsime. Analowa m'kalasi n'kuiphunzitsa okha, ana akuponda pansi ngati nyama zikukumba.

Lachinayi tinatuluka kupita pansi pa mtengo wa mango. Poyamba ndinkawauza mawu oti aloweze, ndipo sewero linauma gwa, aliyense akudikira kuti ndimunong'oneze. Ndinasiya zimenezo. Ndinaika mpando pakati n'kunena kuti wovala chigoba akhale pamenepo, anzake azimufunsa.

Anayamba Fisi. "A Fisi, munaloleranji kumangidwa?" Mnyamatayo anakanda kumutu, kenako anayankha ndi mawu a besi, "Uchi unkanunkhira. Ndinali ndi njala, ndiye ndinaiwala zoti ndine mlonda." Anzake anaseka, koma yankho lomwe ndinalisowa Lolemba linali lomwelo.

Kenako kunabwera Fulu. Chigoba chake chinatengedwa ndi kamtsikana kamene kamakhala pakona kumbuyo. Chiyambireni teremu, mawu ake ndinkangowamva poitana mayina. Anakhala pampando mapazi osafika pansi. Wina anamufunsa chifukwa chimene sanaopere Kalulu, pomwe nyama zikuluzikulu zinalephera. Anakhala chete mpaka ndinkafuna kumuchotsapo. Kenako anati, "Enawo ankalankhula naye. Ine sindinalankhule naye. Ndinangokhala m'madzi ngati mwala." Zimenezo ine sindinanene posimba nthano ija. Anaziona yekha kuti chida cha Kalulu ndi pakamwa, ndipo amene sakumuyankha sangapusitsidwe. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndinachita kuyang'ana kumbali.

Lachisanu ana atamwa phala tinachita sewero lonse pamaso pa a Sitandade 1. Khutu la Njovu linathothoka pakati pa sewero, mwini wake n'kulitola n'kupitiriza. Agogo aja anabweranso, anakhala pa njerwa kumbuyo.

Titabwerera m'kalasi ndinawerenga nkhani ina yatsopano, popanda zigoba, n'kufunsa mafunso a "chifukwa chiyani". Si onse anayankha, ndipo pali ana angapo amene ndiyenera kukhala nawo paokha sabata yamawa. Koma manja anakwera ambiri kuposa Lolemba, ndipo limodzi linachokera pakona paja.

Zigoba ndazimangirira pa chingwe kudenga kuti chiswe chisazidye. Cha Fulu chokha palibe. Mwini wake anandidikirira pakhomo poweruka n'kundipempha motsitsa mawu, "Madamu, ndikufuna ndikawaonetse amayi." Ndamuuza kuti abwere nacho Lolemba.