Nambala imodzi, galimoto zosiyana: nkhani ya matayala okoka m'magemu a mpikisano

Aliyense amene amasewera magemu a mpikisano wa galimoto a Forza kapena Gran Turismo amadziwa kuti galimoto iliyonse imapatsidwa nambala yosonyeza kuthekera kwake. Mu Forza nambalayi imatchedwa PI ndipo imayambira pa 100 kukafika pa 999, pamene mu Gran Turismo imatchedwa PP. Mu Forza Horizon 5, yomwe inatuluka mu 2021, gulu la A limathera pa 800 ndipo la S1 limathera pa 900, cholinga chake n'chakuti galimoto zokumana pa mpikisano umodzi zikhale zofanana mphamvu. Maganizo anga ndi akuti nambalayi imalephera pa chinthu chimodzi chachikulu, chomwe ndi funso lakuti injini ikutumiza mphamvu zake ku matayala ati.

Ife okhala muno mu Harare sitivutika kupeza zitsanzo. Honda Fit za mushikashika (timatakisi tosavomerezeka) zomwe zadzaza m'misewu yathu zili ndi injini kutsogolo ndipo zimakoka ndi matayala akutsogolo, mtundu umene Gran Turismo imaulemba kuti FF. Toyota Mark X ili ndi injini kutsogolo koma imakankha ndi matayala akumbuyo, ndiye FR imeneyo. Toyota MR2 ili ndi injini pakati, Porsche 911 ili nayo kumbuyo kwenikweni, pamene Subaru Impreza WRX imakoka ndi matayala onse anayi, ndiye 4WD imeneyo.

Galimoto ikamanyamuka, kulemera kwake kumatsamira kumbuyo, choncho matayala akumbuyo amakanikizidwa pa phula pamene akutsogolo amapepuka. Apa ndi pamene galimoto ya FF imavutikira, chifukwa matayala amene akupepukawo ndi omwenso akuyenera kukoka, kukhota ndi kugwira ntchito yaikulu ya mabuleki, ngati mayi amene wasenza mtsuko, wabereka mwana, kwinaku akukoka mbuzi pachingwe. Mukaponda moto muli pakati pa kona, mphuno ya galimoto imakana kukhota n'kumalowera kunja kwa msewu. Ya FR imagawa ntchito bwino, popeza akutsogolo amakhota pamene akumbuyo akukankha, koma mukafulumira kuponda moto kumbuyo kumaterera ndipo galimoto imazungulira. Yokoka ndi matayala anayi imagawa mphamvu za injini panayi, motero tayala lililonse limasenza zochepa ndipo silifulumira kuterera, ngakhale kuti madifu ndi mashafiti owonjezerawo, zitsulo zofikitsa mphamvu ku matayala, amailemeretsa ndiponso amadya gawo la mphamvuzo.

Opanga Forza amapeza PI poyerekezera nthawi imene galimotoyo ingatenge kuzungulira bwalo longopeka la mkati mwa kompyuta. Njirayi ndi yanzeru kuposa kungowerengera mphamvu za injini ndi kulemera, koma dalaivala wa m'kuyerekezerako sanjenjemera chala, sachita phuma akamathamangitsidwa, ndipo sagundidwa kumbuyo pa kona yoyamba. Kwa dalaivala wotere, FR yopepuka ndi 4WD yolemera zikhoza kumaliza pa nthawi yofanana, ndiye zonse zimapatsidwa 800. Kwa munthu weniweni amene wagwira kontirola, kumaponda moto ndi kabatani kamene kamangoyenda pang'ono pansi pa chala, galimoto ziwirizi zimasiyana kutali. Ubwino waukulu wa 4WD ndi wakuti imakhululukira zolakwa za woyendetsa, ndipo kukhululuka kumeneku nambala sikuwerengera mokwanira.

Ndinazionera pafupi kwa mwana wa mlongo wanga ku Mufakose. Anatenga galimoto ya FR, analowa m'gawo lokonzera, anaisandutsa yokoka ndi matayala anayi, kenaka anachepetsa zina mpaka nambala inabwerera pa 800. Pa kona imene poyamba ankayenera kudikira chiwongolero chiwongoke asanaponde moto, tsopano ankakanikiza batani mpaka pansi adakali pakati pa konayo, ndipo galimoto inkatuluka mowongoka popanda kumbuyo kugwedezeka. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, taonani, nambala ndi yomweyi, ndiye sindinabe." Ananena zoona, ndipo palibe lamulo limene anaphwanya, koma mtima wanga unawawa poona kuti galimoto imene inapangidwa ndi khalidwe lakelake yasanduka yofanana ndi zina zonse za pa mndandanda. Pa misewu ya fumbi ndi matope, imene mu Horizon ndi yambiri, kusiyanaku kumakula kwambiri, moti wokana kusintha amakhala wadzisankhira yekha kutsalira.

Vutoli silinayambire m'magemu. Audi Quattro itatuluka mu 1980 inasintha mipikisano ya rally, ndipo Audi inapambana chikho cha opanga galimoto mu 1982 ndi 1984. Ku Japan, Nissan Skyline GT-R R32 inapambana mipikisano yonse 29 imene inalowa m'gulu la Group A kuyambira 1990 mpaka 1993. Ku Britain, Frank Biela anatenga chikho cha BTCC, mpikisano wa galimoto wa m'dzikomo, mu 1996 pa Audi A4 quattro ngakhale kuti galimotoyo inawonjezeredwa kulemera, ndipo pofika 1998 malamulo anali ataletsa kukoka ndi matayala anayi m'gulu limenelo. Akuluakulu a mipikisano yeniyeni, amene anali ndi mainjiniya ndi zoyezera zonse, anayesa kufananitsa ndi kulemera mpaka anangoganiza zoletsa 4WD, choncho sindidabwa kuti nambala imodzi ya mu gemu ikulephera.

Gran Turismo 7, ya mu 2022, imayesa njira ina pa mipikisano ya pa intaneti ya magulu monga Gr.4, pomwe Polyphony Digital, kampani yopanga gemuyi, imawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ndi kulemera kwa galimoto iliyonse payokha. Kumeneko kutha kwa matayala kumathandiza kunena zoona, chifukwa galimoto ya FF ikhoza kuthamanga bwino kumayambiriro, koma pa mpikisano wautali matayala ake akutsogolo amatha msanga ndipo imayamba kukana makona. Zimenezinso sizioneka pa nambala yolembedwa pambali pa dzina la galimoto.

Ife tikakumana kuti tisewere, tinagwirizana kuti galimoto izilowa mpikisano ndi matayala okoka amene inatuluka nawo ku fakitale, ndipo za 4WD zizipikisana pazokha. Achinyamata anadandaula poyamba chifukwa anayamba kutenga nthawi yaitali kuti amalize, koma tsopano mwana wa mlongo wanga uja amatha kutulutsa FR pa kona yonyowa akuwonjezera moto pang'onopang'ono, ndipo ndi iye amene akupempha kuti ulendo wina tidzayese Porsche 911 yakale tonse, zothandizira zoletsa kuterera titazizimitsa.